Makina Okana Kudya Mfumukazi

9 Febuluwale

Iwe Kamutu,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ndi makompyuta akowo. Kuno tilipo, ana akupita kusukulu, alamu ako akupereka moni. Koma Bambo sali bwino, ndipo usandikumbutse zoti pafoni paja ndinati akupezako. Ndikanati chiyani, eni ake ali pampando pomwepo? Sitiroko ija makutu sinawakhudze.

Dzanja lamanja lafa ndithu. Pakamwa pakadali popotoka, mawu amatuluka ngati ali ndi madzi m'kamwa, n'chifukwa chake foni sakufuna n'kuigwira komwe. Kashopu kawo ka mawotchi tinatseka. Tizitsulo tawo tija ndinalongedza m'katoni n'kukankhira pansi pa bedi, ndipo tsiku lomwelo anatembenuzira mpando kukhoma. Munthu amene ankameta ndevu m'mawa uliwonse, pano timachita kukangana kuti asambe.

Sabata yatha a Telala anabwera, ndi mtima wabwino ndithu, kuti asewere nawo tchesi monga ankachitira kwa Ometa masana aliwonse. Anawagonjetsa katatu motsatizana. Bambo athu omwe aja, amene a Telala ankawathawa! Alendo atapita anandiuza kuti bolodi ndiliike pamwamba pa wadiropu, ndipo lili komweko likudya fumbi.

Koma dzulo ndikuwapaka mafuta pamkono anafunsa kuti, "Kodi makina a mnyamata uja amaseweradi, kapena ndi nkhani chabe?" Kamutu, chitulukireni m'chipatala, limeneli ndi funso loyamba losakhudza mankhwala.

Ndiye tamvera. Asewere ndi makina akowo. Iwo azinena poti asunthe, ine ndizitumiza pafoni, iwe uziyankha. Koma apambane. Wandimva? Apambane! Usandiyambire za sayansi, sindinapite kuyunivesite ine, ndine amene ndimawasintha zovala. Tchesi ndi chinthu chokha chawatsalira, ndipo akachitaya chimenechi tiwataya nawo.

Za izi usayankhe pafoni, mauthenga amafuna aziwerenga okha ndi magalasi awo. Lemba kalata, utumize kusitolo yamankhwala komwe ndimagwira.

Ndine mchemwali wako.

21 Febuluwale

Achemwali,

Moni kwa inu, alamu ndi ana. Kalata yanu ndinaiwerenga nditaimirira pamasitepe, kenako ndinakaibwereza m'chimbudzi kuti anzanga asandione nkhope. Mwanyamula zambiri nokha, ine ndili kuno m'chipinda chopanda windo kumvera mafani a makompyuta. Ndilibe pokanira.

Koma mundilole ndifotokoze pang'ono, si sayansi yambiri. Pulogalamu yanga siganiza ngati Bambo. Imangoti, ndikasuntha apa mnzangayu angayankhe chakuti kapena chakuti, ndipo pa yankho lililonse ine ndingachite chakuti. Zimaphuka ngati nthambi za mtengo, zosawerengeka. Ntchito yanga zaka zonsezi ndi kuiphunzitsa kudulira, kuti izidziwa msanga nthambi yopanda phindu n'kuisiya, ifike patali pa nthambi zabwino. Pano palibe munthu m'nyumba muno amene angaigonjetse, ngakhale a Profesa amene amatiyang'anira. M'mwezi wa Juni tikupita nayo kumpikisano wa mapulogalamu okhaokha.

Kuichititsa kuti igonje dala ndiye kovuta, mwina simukhulupirira. Ikamangosewera zopusa, Bambo anunkhiza tsiku lomwelo. Ndiye ndapanga ina yapambali. Imaonabe patali ngati inzake, koma ndaipatsa lamulo limodzi: nthawi zonse isankhe kusuntha kumene kusiye mnzake ali patsogolo pang'ono. Osati kwambiri, pang'ono basi, kuti atuluke thukuta koma apambane. Ndaitcha Kaulemu. Ndinaipanga anzanga atapita kukadya, ndikuyang'anayang'ana kukhomo ngati wakuba.

Mtima wanga sukukondwa nazo, Achemwali. Tchesi anandiphunzitsa ndi Bambo. Koma tsitsani bolodi, mulipukute, muwauze kuti zoyera ndi zawo, ayambe ndi iwo.

Mlongo wanu.

28 Malichi

Mwana wanga,

Ndikupereka moni. Ine ndili monga wamvera. Zilembo zikupendama chifukwa ndikulemba ndi lamanzere, uwerenge modekha.

Makina ako ndawagonjetsa. Udziwa kale, koma ndafuna ndilembe ndi dzanja langa. Sindikubisa, pamene nsanja yanga inatsikira pamzere wotsiriza n'kutsekera mfumu, ndinaseka mpaka dovu kutuluka, mlongo wako anathamanga kuyesa ndikukomoka.

Koma nditaseka ndinakhala pansi n'kuganiza. Zaka zonsezi, mwana wanga? Unachoka pano tsitsi lili lodzaza, pachithunzi chako chomaliza dazi layamba. Ndiye chimene wapangacho chigonje kwa nkhalamba ya dzanja limodzi, imene a Telala amaikwapula? Akuluakulu ako akudziwa zimenezi? Ndikuopa angakuchotse ntchito.

Sindinauze munthu aliyense, chifukwa cha iwe. Ndipo ndikuthandize, poti zokonza makina ndazichita moyo wanga wonse. Makina akowa pakati pa bolodi amasewera bwino, anandivutitsa ndithu. Vuto lawo amaiwala kumbuyo. Amatulutsa nsanja zonse ziwiri n'kusiya mfumu yokha popanda pothawira. Wotchi ikamachedwa sutaya yonse, umafuna kagudumu kamodzi kamene kadyeka. Funa pamenepo.

Tiyambe gemu ina, ndione ngati wakonza. Undiuzenso ngati ukudya mokwanira.

Bambo ako.

30 Epulo

Kamutu,

Moni wako. Kuno nkhani zilipo, zabwino ndi zochititsa manyazi, zonse mumphika umodzi.

Zabwino: Bambo adzuka! Amameta okha ndi lamanzere, amadzicheka koma salola kuwathandiza. Mpando autembenuza. Gemu yachiwiri atapambananso, anavala jekete lawo labulawuni, anatenga ndodo, ulendo wa kwa Ometa. Ine pambuyo ngati mlonda, iwo akundithamangitsa. Ndinabwerera kunyumba ndikulira chamumtima, anthu kumandifunsa ngati kwagwa zovuta.

Tsopano zinazo. Ankati sauza munthu, eti? Ometa uja ukumudziwa, amatulutsa nkhani m'kamwa mwa munthu ngakhale wosalankhula. Lumo lisanafike kukhutu lachiwiri, Bambo anali ataulula. Pano msewu wonse ukudziwa kuti wokonza mawotchi anagonjetsa kompyuta ya kuyunivesite. Amawakonzera mpando wapafupi ndi windo, amawatchula kuti Achampiyoni. Foni yanga yakale ndinawapatsa, amapita nayo komweko, Ometa ndiye amawalembera mauthenga, anthu atazungulira bolodi kudikira yankho lako.

Koma amene akulipira ndiwe. A Telala akuti makinawo uwabweretse, asewera nawo opanda mfumukazi, uku akusoka thalauza. Adalaivala a basi aja akuti bola ukanaphunzira zokonza mafiriji. Azakhali anabwera Lamlungu, akuti ubwerere, sukulu yasekondale yapafupiyi ikufuna mphunzitsi wa masamu, palibe chochititsa manyazi pobwerera. Ndipo ine, mlongo wako, ndinali pomwepo ndi kapu ya tiyi m'manja, ndikugwedezera mutu. Kwa Ometa ndinasekanso nawo. Ndinaseka, Kamutu, mokweza kuposa onse, kuopa kuti wina angandiyang'ane kumaso.

Bambo saseka nawo zimenezo. Akamakunyoza amangoyang'ana pansi, kenako amati, "Mwanayo akukonza." Chimenechi ndiye chimandilasa.

Pirira. Akuyenda, akudya, akukangana ndi wailesi ngati kale. Usasinthe kanthu.

Mchemwali wako.

14 Juni

Bambo,

Moni kuchokera kumpikisano. Ndikhulupirira mwendo ukupitirira kulimba. Ndamva kuti masiku ano mukufika kwa Ometa nokha, ndipo ndasangalala kwambiri.

Ndili ndi nkhani yabwino, ndafuna muimve kwa ine. Pulogalamu yathu yakhala yachiwiri. Inagonja kamodzi kokha, kwa ya gulu lina limene lili ndi makompyuta odzaza nyumba. Njira yanga yodulira nthambi ija anthu aikonda, andipempha ndikaifotokoze kumsonkhano wina ndisanabwerere, choncho ndikhala paulendo mpaka mwezi wamawa. Ndaikamo chithunzi. Wa tayi yopotokayo ndine, apafupiwo ndi a Profesa, chimene ndanyamulacho ndi chikho chake.

Za gemu yathu yachitatu musadandaule. Makina aja ndawalumikiza ndi foni, aziyankha okha uthenga ukangofika, ngakhale ine ndili m'sitima.

Ndinaganiza za inu pamene ankatitchula. Moni kwa onse.

Mwana wanu.

25 Juni

Mwana wanga,

Moni. Kalata yako yafika ndi chithunzi chomwe. Ndachiika m'thumba la jekete, sindinaonetse munthu, ndipo sindionetsa.

Ndine wodwala, koma mutu ukugwira. Makina amene agonja kawiri kwa ine sangakhale achiwiri pampikisano uliwonse, pokhapokha ngati opikisanawo analipo awiri. Chikho munthu angabwereke. Tayi angabwerekenso.

Ndikudziwa chakuchititsa. Wamva kuti kuno akukuseka, ndipo mlandu umenewo ndi wanga, pakamwa panga popotokapa ndi pamene panaulula. Ndikupepesa. Koma kulephera si mlandu, mwana wanga. Ine ndabwezapo mawotchi kwa eni ake n'kunena kuti andikanika. Bodza ndiye sindinakuphunzitse. Mayi ako akanakhalapo, kalata imeneyi ikanawaliza.

Usandilemberenso za zikho. Za anthu akunowa usiyire ine, ndidziwa chochita.

Bambo ako.

6 Julayi

Kamutu,

Uli kuti? Foni yako sikulowa, kuntchito kwako akuti ukadali paulendo. Moni ndikupatsa, koma mtima uli m'mwamba.

Ndikuopa kuti Bambo sitiroko ija yawagwiranso, ulendo uno m'mutu. Loweruka anapita kwa Ometa ali bwinobwino, atapesa ndi tsitsi lomwe. Anabwerako msanga, nkhope ili gwa, chakudya osachikhudza. Ndinatenga foni ija kuona gemu. Ine tchesi ndimangodziwa mayendedwe, koma ngakhale mwana wanga wamng'ono sangachite zimene ndinaonazo. Anaika mfumukazi yawo kutsogolo kwa msilikali, poti ingodyedwa ulere. Kenako nsanja chimodzimodzi. Kenako bishopu. Bambo, amene msilikali mmodzi akatayika amadandaula mpaka mawa!

Ndinapita kwa Ometa kukafunsa. Munthu wolongolola uja anangoti, "Akuluwo atopa chabe," n'kuyamba kusesa tsitsi pansi pomwe panali posesa kale. A Telala atandiona anawolokera tsidya lina la msewu.

Lolemba ndinawakokera kuchipatala. Adokotala anawafunsa tsiku, mwezi, dzina la mdzukulu, anawauza awerenge chobwerera m'mbuyo. Anayankha zonse, kenako anawauza adokotalawo kuti wotchi yawo yapakhoma ikuchedwa. Adokotalawo akuti palibe chatsopano. Nanga n'chiyani? Ndikawapatsa madzi akuti, "Zikomo, mayi," ngati ndine nesi wachilendo.

Tayang'ana gemuyo, undiuze. Yankha msanga, iwe.

Mchemwali wako.

15 Julayi

Achemwali,

Ndafika dzulo, ndapeza kalata yanu ndi ya Bambo zili pamodzi pansi pa chitseko. Moni kwa onse. Gemuyo ndaiona.

Inu munayang'ana zimene Bambo anachita. Simunayang'ane zimene makina anayankha. Mfumukazi ija sanaidye. Kumbukirani lamulo lija, loti mnzake azikhala patsogolo pang'ono nthawi zonse. Akanaidya, Bambo akanatsalira kutali. Ndiye Kaulemu anafufuza nthambi zake zonse, mwaluso lake lonse, n'kupeza njira yoti asadye, m'malo mwake anapereka nsanja yake. Bambo atapereka nsanja, iye anapereka hatchi. Atapereka bishopu, iye anakaika mfumukazi yake pakamwa pa msilikali wawo.

Ndinaganizira zonse, Achemwali. Ndinaiyesa ndi osewera mwamphamvu, osewera mofooka, osewera mothamanga. Sindinaiyesepo ndi munthu wofuna kugonja, chifukwa m'ntchito yathu yonse timayamba ndi kuganiza kuti mnzako akufuna kupambana. Ndikanakhalapo ndikanaona pa kusuntha koyamba n'kuyankha ndi dzanja. Koma ndinali pamsonkhano, ndikuwomberedwa m'manja.

Bambo sakudwala m'mutu. Ankafuna kugonja dala, ndipo ndikuganiza kuti ndikudziwa chifukwa chake. Musawatengerenso kuchipatala. Akudziwa kuti tinawanamiza.

Ndayamba kuwalembera kangapo, mapepala ali m'bini.

Mlongo wanu.

16 Julayi

Mwana wanga,

Moni. Kalatayi ndi yaitali.

Ndinati za anthu akuno usiyire ine. Nzeru yanga inali iyi: makina ako apambane pamaso pa onse, kwa Ometa, Loweruka pamene pamadzaza. Akakugonjetsa Achampiyoni, pakamwa pa a Telala patsekeka, ndipo iwe ukadzabwera udzayenda mumsewu uno mutu uli m'mwamba. Ndinakonzekera sabata yathunthu, kufuna kulakwitsa kooneka ngati kwa nkhalamba yotopa. Sindinagonjepo dala chibadwire, ngakhale kwa iwe uli mwana ukulira.

Ndinaika mfumukazi poti idyedwe. Adalaivala anakuwa kuti, "Achampiyoni, mwagona!" Ine ndinagwira kumutu, kunamizira kudandaula. Foni inalira, Ometa anawerenga, a Telala anasuntha pabolodi. Makina sanadye. Anandipatsa nsanja.

Nyumba yonse inagwa ndi phwete. Ankaseka iwe. Ine ndinati mwina sanaone, ndiwapatse china choonekeratu. Ndinapereka nsanja. Anakana, n'kundipatsa hatchi. Anthu anasekabe, koma a Telala anali atasiya. Ndinapereka bishopu, ndipo pamenepo sindinkafunanso kugonja, ndinkafuna kudziwa. Foni inalira. A Telala anawerenga okha, ananyamula mfumukazi yakuda, anaigwira m'mwamba kanthawi, n'kuiika patsogolo pa msilikali wanga mofatsa ngati akuika dzira.

Palibe anaseka. Onse aja ndi makolo, mwana wanga. Aliyense wa iwo anaseweretsapo kamwana, kukapatsa dala kuti kadye, kakakana n'kukapatsanso china. Anazindikira onse nthawi imodzi, ine ndinali womaliza. Ometa anayatsa makina ake ometera popanda womumeta. Wina anandipatsa ndodo yanga ndisanaipemphe.

Miyezi yonseyi ndakhala pampando wa pawindo, kulandira dzina la Achampiyoni, kuphunzitsa anthu mmene ndinatsekerera mfumu ya kompyuta. Ndinakulemberanso malangizo a kakonzedwe! Unawerenga uli ndi nkhope yotani?

Ndinakutcha wabodza pa nkhani ya chikho. Pamenepo ndinakulakwira, chithunzi chija ndachitulutsa m'jekete, chili pakhoma. Koma dzinalo sindikulibweza, langosamukira pa nkhani ina. Mlongo wako sindinamufunse kanthu, nkhope yake yayankha kale.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Gemu yoyamba ija, ya nsanja, uipereke kwa makina enieniwo, a chikhowo. Andiuze pamene ndinali. Ngati munali kusuntha kwabwino ngakhale kumodzi, undiuze. Ngati munalibe, undiuzenso. Usandinyengerere.

Bambo ako.

27 Julayi

Bambo,

Moni. Ndilibe mawu abwino oyambira, ndiye ndiyamba ndi zimene mwapempha.

Gemu ija ndaipereka kwa pulogalamu yeniyeni. Poyambira munasewera bwino, monga mwa masiku onse. Koma pa kusuntha kwachisanu ndi chinayi, pamene munatulutsa hatchi kupita m'mphepete, munasiya msilikali wa pakati wopanda womuteteza. Pulogalamu yeniyeni ikanadya ameneyo, ndipo kuchokera pamenepo simukanadzukanso. Zonse zotsatira zinachitika chifukwa inayo inakulekererani. Nsanja ija inatsika chifukwa khomo linatsegulidwa dala. Kuiwala kumbuyo kumene munandilangiza kuti ndikonze sikunali vuto la makina, inali njira imene anasankha yokupatsirani gemu.

Mwafunsa za nkhope yanga powerenga malangizo aja. Ndinawerenga kamodzi, ndinaika kalatayo m'kabati, ndipo tsiku limenelo sindinathe kuyang'ana munthu m'maso.

Musaike mlanduwu pa Achemwali okha. Iwo anapempha ali otopa ndi amantha. Ine ndinali ndi nthawi yoganiza, ndipo ndinaigwiritsa ntchito kupanga bodzalo kuti likhale losalala. Munandiphunzitsa masewerawa popanda kundinyengerera ngakhale tsiku limodzi, ine ndakubwezerani zimenezi pamaso pa anzanu. Ndachita manyazi, Bambo, ndipo ndikupepesa.

Kaulemu, pulogalamu yonyengerera ija, ndamufufuta. Ngati mungafune kusewera ndi yeniyeniyo, kapena ndi ine, ndilipo. Ngati simufuna, ndimva.

Mwana wanu.

24 Ogasiti

Kamutu,

Moni. Wakhala ukufunsa pafoni kuti Bambo ali bwanji, ine n'kumangoti alipo. Nayi nkhani yonse.

Kalata yako anaiwerenga, anayala bolodi, anaika zonse monga zinalili pa kusuntha kwa hatchi kuja, n'kukhala pamenepo mpaka tiyi anazizira. Kenako anati, "Makinawo akunena zoona." Ine ndinagwada pambali pa mpando wawo kupepesa, ndi misozi yomwe, iwo anangondisisita paphewa n'kundiuza kuti maondo andipweteka.

Kwa masabata angapo sanatuluke. Ndinkaopa kuti mpando ubwerera kukhoma, koma ayi, ankakhala pabolodi okhaokha, kusewera mbali zonse ziwiri. Lachinayi lapitali anavala jekete. Ndinawatsatira chapatali, sanandithamangitse.

Atalowa kwa Ometa anthu anasowa poyang'ana. Wina anayamba kuwakonzera mpando wa pawindo, iwo anakana, anakakhala pabenchi moyang'anana ndi a Telala n'kunena kuti, "Yalani." Ndinaimirira pakhomo. Gemu inatenga masana onse, Ometa anameta anthu mwakachetechete ngati m'tchalitchi. Ndipo Kamutu, Bambo anapambana. Ndinaona ndi maso angawa. A Telala anatuluka thukuta mpaka kolala kunyowa, anapempha kubweza kusuntha kumodzi Bambo n'kukana, pomaliza anagwetsa mfumu yawo ndi chala, anatukwana mawu oti sindingalembe, n'kutuluka osatsanzika, tepi yoyezera ataiiwala pabenchi. Munthu wonamizira sakwiya choncho. Ine ndikuti anapambanadi.

Anthu anawomba m'manja. Bambo sanamwetulire. Anayang'ana Ometa, anayang'ana Adalaivala, mmodzimmodzi, kufufuza pankhope zawo. Kenako anatembenuka n'kundiona ine pakhomo.

Tinabwerera kunyumba. Titafika, ndikuwavula nsapato, anafunsa motsitsa mawu, mopanda ukali n'komwe, "A Telala unawauza chiyani?"

Ndinalumbira. Ndinatchula Mayi kumanda, ndinatchula ana anga. Ndinati a Telala sindinalankhule nawo chichokereni tsiku lija anandithawa pamsewu. Anandimvetsera mpaka kumaliza, n'kunena kuti, "Chabwino, mwanangu." Mmene ananenera chabwinoyo, bola akananditukwana.

Ometa anali atalemba gemu yonse kuseri kwa kalendala, ndakopera, ili m'envelopu momuno. Uipereke kwa makina ako enieniwo, aone ngati a Telala anasewera ndi mtima wonse. Ndikudziwa kuti anatero, ndinalipo ine. Koma ndakhala ndi envelopuyi pakauntala kuyambira m'mawa osaimata, makasitomala akundifunsa ngati ndili bwino. Makina akayankha kuti Bambo anapambanadi, akawauze ndani? Iwe kapena ine?

Mchemwali wako.